Zilembo za pa Khadi la Abwana

Inu amene mukuwerenga, kodi munachitapo manyazi mpaka kulakalaka kuti pansi pang'ambike mulowepo? Ngati zinakuchitikiranipo, khalani pansi ndikuuzeni za bambo ena amene anthu a mumsewu wawo ankangowatchula kuti Abwana.

Tsiku limene zinthu zinafika poipitsitsa, Abwana anali atatchena jekete ndi tayi, atakhala m'lesitilanti ina yooneka bwino. Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, anali atapeza mnyamata womanga naye banja, ndiye makolo a mbali zonse anakumana kuti adziwane.

Chakudya chili m'kati, Abwana anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kakhadi kawo ka kuntchito. Kanali koyera, kolimba, zilembo zake zolowa m'kati moti ukadutsitsapo chala umazimva. Pamwamba panali dzina lawo, pansi pake udindo: Mkulu wa Zamalonda. Anakapereka ndi manja awiri kwa bambo a mnyamata uja.

Bambowo anawerenga, kenako anadzutsa mutu. Sanali munthu wachipongwe ayi, anangofunsa ndi mtima woyera.

"Kodi kampani imeneyi si ija inatsekedwa chaka chatha? Matebulo a ku ofesi kwathu tinakagula komweko."

Akazi awo a Abwana anaweramira m'mbale. Mwana uja anayang'ana bambo ake kukamwa kuli yasa, chifukwa m'banjamo ndi iye yekha amene sankadziwa. Ankagwira ntchito ku tauni ina, ndipo nthawi zonse akaimba foni ankauzidwa kuti kuntchito kuli bwino, kungoti kutanganidwa.

Abwana anayesa kunena kuti akuluakulu akukonza zoitsegulanso kampaniyo, koma mawu ankatuluka odukaduka, thukuta lili kamukamu. Palibe anawatsutsa, ndipo kusatsutsidwako ndi kumene kunawapweteka kwambiri.

Atafika kunyumba anauza akazi awo mawu amodzi: ku ukwatiko sakapondako. Anati mwanayo amuchititsa manyazi kamodzi pamaso pa apongozi ake, zakwana, kuli bwino anthu akamve kuti bambo a mkwatibwi adwala. Mwanayo ankaimba foni, iwo osayankha. Ankangoiyang'ana ikulira mpaka kusiya yokha.

Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo. Koma paja amati manyazi anapha lambe. M'malo mongotaya makhadi akalewo, Abwana anaganiza zokasindikizitsa ena atsopano olembedwa kuti Mlangizi wa Zamalonda, kuti wofunsa azikhala ndi chomuonetsa.

Shopu imene inkawasindikizira makhadi inali m'kanjira kothina, pakati pa telala ndi wokonza mawotchi. Munali makina akale achitsulo, akuda bii, oyenda mochita kuponda ndi phazi. Kukhoma kunali kabati ya madilowa ambirimbiri, ndipo m'dilowa lililonse munali timagawo todzaza ndi tizilembo tachitsulo. Mwini wake anali mayi wamasiye wa pakamwa posabisa mawu, amene aliyense ankamuitana kuti Amayi a Inki.

Mayiyo anamvetsera zonse atakhala pampando, mwendo umodzi atauika pa bokosi. Kenako anafunsa:

"Mukulangiza ndani, Abwana?"

Abwana anangoyang'ana kudenga ngati yankho lalembedwa kumeneko.

Mayiyo sanawaseke. Anawaonetsa bondo lake lotupa, n'kunena kuti ntchito yamuunjikira koma makinawo sangawapondenso. Anati iye sakufuna mlangizi, akufuna mwendo, ndipo Abwana ali nayo iwiri yomwe sikupita kulikonse.

Abwana anatuluka atakwiya. Iwo, munthu amene ankakhala pampando wozungulira, akaponde makina? Koma kunyumba madzi anali atafika m'khosi, ndipo akazi awo anali atatopa kusenza banja okha. Patangopita masiku ochepa anabwerera kushopu kuja, kudzera khomo la kuseri.

Mmene ankachitira zinali zoseketsa komanso zomvetsa chisoni. M'mawa ankatuluka pakhomo atamanga tayi, chikwama m'manja, kuti oyandikana nawo aziti akupita ku ofesi. Akafika kushopu ankakoloweka tayiyo pamsomali n'kuvala epuloni. Belu la pakhomo likangolira, iwo ankathawira kuseri kwa katani, kumene ankadulirako mapepala.

Ntchitoyo inawaonetsa zakuda. Tizilembo tija umatitola kamodzikamodzi n'kumatindandalika chozondoka, ndipo maso awo ankachita chidima. Makina aja amafuna kuti phazi liziponda, dzanja lamanja lizilowetsa khadi, lamanzere lizitulutsa, zonse nthawi imodzi. Ukachedwa pang'ono, zala zapita. Inki akachuluka khadi limathimbirira, akachepa dzina silioneka. Makhadi amene anawononga m'masabata oyamba anadzaza dengu la zinyalala.

Tsiku lina anakoka dilowa mwamphamvu, lonse n'kugwa pansi. Tizilembo tinangoti mbwee m'shopu monse. Amayi a Inki sanakalipe, anangowapatsa kampando kafupi n'kunena kuti chilichonse chibwerere m'kagawo kake. Abwana anatha tsiku lonse akukwawa. Ali chigwadire choncho, munalowa mnyamata wina amene kale ankawanyamulira chikwama ku ofesi, kudzafunsa za makhadi a bizinesi yake. Abwana analowetsa mutu kunsi kwa tebulo n'kukhala momwemo mpaka mnyamatayo atapita. Potuluka kumeneko misozi inali ikulengeza.

Koma m'mawa mwake anabweranso. Ndipo anabweranso. Pang'ono ndi pang'ono phazi ndi manja zinayamba kumvana. Anaphunzira kuika timapepala topyapyala kuseri kwa khadi kuti zilembo zilowe mofanana, osaboola pepala. Tsiku limene anatulutsa khadi la ukwati lopanda banga, Amayi a Inki analitembenuza uku ndi uku n'kungoti, "Eya." Kwa mayi ameneyo, mawu amenewo anali chiyamikiro chachikulu.

Chimene sichinkachoka ndi inki wa m'zikhadabo. Madzulo aliwonse Abwana ankakhula manja ndi palafini ndi sopo mpaka khungu kusupuka, koma kamzere kakuda kankatsalabe. M'basi ankabisa manja m'thumba. Akakumana ndi odziwana nawo ankapereka moni wapakamwa, ati ali ndi chimfine.

Panalinso chinthu china. Makasitomala obwera kawirikawiri, Amayi a Inki sankamasula zilembo zawo. Ankazimanga ndi chingwe mmene zilili n'kuziika pashelefu, kuti munthu akafuna makhadi ena asayambenso kundandalika. Pashelefupo panalinso za Abwana, dzina ndi udindo, zomangidwa bwinobwino.

Mayiyo anawauza kangapo konse kuti azimasule, chifukwa zilembo za mtundu umenewo zinali zochepa ndipo sizipezekanso kogula. Abwana ankangoti mawa. Mawa likafika, mawanso. Ankazipukuta fumbi mayiyo akayang'ana kumbali. Mumtima ankati tsiku lina foni idzalira, adzabwerera ku ofesi, ndipo zilembozo zidzafunika. Kuzimasula kunali ngati kuvomereza kuti Mkulu wa Zamalonda uja anatha basi.

Ndiye m'mawa wina belu linalira. Abwana, mwa chizolowezi, anathawira kuseri kwa katani. Kenako anamva mawu a wolowayo. Anali mwana wawo.

Mtsikanayo anapereka moni mwaulemu n'kunena kuti akufuna makhadi a ukwati wake. Amayi a Inki anamutulutsira zitsanzo, koma iye anakana zonse. Anatsegula kachikwama kake n'kutulutsa kakhadi kakale ka bambo ake, kokutha m'makona. Anati akufuna zilembo zomwezi. Ali mwana ankakonda kutsinzina n'kumadutsitsa chala pakhadipo kuti amve dzina la bambo ake, ndipo kakhadiko wakhala akuyenda nako kuyambira ali kusukulu.

Amayi a Inki anayankha mokweza mawu kuposa mmene zinkafunikira. Anati zilembozo zilipo ndithu, koma n'zomangidwa, ndipo mwini wake akukaniza.

Mtsikanayo anatembenukira kukatani kuja.

"Adadi, tulukani. Amayi kunyumba anandiuza zonse. Ndiponso nsapato zanu zikuoneka."

Abwana anatuluka ngati mwana wogwidwa akuba shuga, nkhope ili pansi, manja atabisa kumbuyo. Epuloni inali mawangamawanga. Tayi ija inali lende pamsomali, poonekera aliyense. Manyazi a tsiku la kulesitilanti anabwereranso onse, mwinanso kuposa.

Mwanayo anawapempha kuti amuonetse manja. Anazengereza, koma anawatulutsa. Iye anawagwira onse awiri, inki ndi zipsera zomwe, osawasiya.

"Ntchito kutha sikunandipweteke, Adadi. Chinandipweteka n'choti munandiyesa mlendo wofunika kumubisira. Ndiye mukufuna mundisiyenso ndekha pa ukwati wanga?"

Abwana anayesa kufotokoza kuti safuna kumuchititsanso manyazi, kuti akuchimuna ndi anthu apamwamba, kuti anthu akaona manjawa adzaseka. Mwanayo sanamve zimenezo. Anauza Amayi a Inki kuti kuseri kwa khadi lililonse, pamene osindikiza amaikapo dzina la shopu, iye akufuna palembedwe kuti: Asindikiza ndi bambo a mkwatibwi.

"Akafuna kuseka aseke," anatero. "Koma aziseka atagwira ntchito ya manja anu."

Mwanayo atapita, Abwana anaima nthawi yaitali kutsogolo kwa shelefu ija. Popanda kumasula dzina lawo, khadi la mwana wawo silikanatheka. Anatsitsa zilembozo n'kuziika patebulo. Mfundo ya chingwe inali itauma chifukwa cha kukhalitsa, moti anachita kudula ndi mpeni.

Anayamba ndi mzere wa udindo. Chilembo chilichonse chinkagwera m'kagawo kake n'kulira kuti khete, ndipo kulira kulikonse ankakumva mumtima. Sindikunamizani kuti anachita akumwetulira, ayi. Analira ndithu, bambo wamkulu wa imvi, ndipo Amayi a Inki anapeza chochita panja kuti alire momasuka.

Atamaliza anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kuyamba kutola tizilembo tomweto kamodzikamodzi. Tija tinkanena za udindo wawo tinalowa m'mawu oitanira anthu ku ukwati. Tija ta dzina lawo tinakathandiza kulemba dzina la mwana wawo ndi la mkamwini. Khadi loyamba litatuluka m'makina, anatsinzina n'kudutsitsapo chala monga ankachitira mwana uja.

Ku ukwati anapita. Zikhadabo sizinayere, ngakhale anakhula mpaka kutopa. Pakhomo la holo anakumana maso ndi maso ndi bambo a mkwati aja. Dzanja linayamba kuthawira m'thumba mwa chizolowezi, koma analibweza n'kulitambasula. Bambowo analigwira mwamphamvu, napepesa chifukwa cha funso lija, nati lakhala likuwasowetsa mtendere. Kenako anatulutsa khadi la ukwatilo m'thumba n'kufunsa ngati angawakonzere makhadi otere a ku ofesi kwawo.

Musaganize kuti onse anasangalala. Analipo amene ananong'onezana kuti taonani Abwana aja anafika poponda makina. Iwo anamva, ndipo zinawaluma. Koma nthawi yoperekeza mkwatibwi itakwana, mwana wawo anakoloweka dzanja lake lovala gulovu yoyera m'dzanja lakuda lija, ndipo anayenda limodzi mpaka kutsogolo anthu onse akuona.

Lero Abwana amalowera khomo la kumaso. Belu likalira ndi iwo amene amalandira makasitomala, ndipo luso lawo lakale loyankhula ndi anthu lagwira ntchito, moti nyengo ya maukwati shopuyo imachita kubweza ena. Amayi a Inki anawapatsa gawo m'bizinesiyo, ngakhale mpaka pano amawanenabe kuti amachulutsa inki. Tayi ija idakali pamsomali, ndipo nthawi zina amapukutira magalasi awo. Kakhadi kawo katsopano kali ndi dzina, ndi liwu limodzi pansi pake: Wosindikiza.

Inu amene mukuyendabe ndi kakhadi kakale m'thumba, mukuthawa anthu amene amakukondani poopa kuti aona mmene mwatsikira, ndimvereni. Ntchito itha, udindo utha, koma manja muli nawo. Musadzichotse nokha pakati pa abale anu chifukwa cha manyazi, iwo akufuna inuyo. Tsitsani chimene mwasunga pashelefucho, dulani chingwe, muyambe kutola kamodzikamodzi. Zipweteka, inde, koma osataya mtima, pali wina amene akudikira kugwira dzanja lanu mmene lililimo.