Nthenga Paphazi la Anesi

Mvula ya Disembala ikagwa ku Thyolo, tiyi sadikira munthu. Uthyola lero, mkucha waphukanso, ndipo amafuna zala zofulumira ndi mapazi osaopa mame. Anesi anali nazo zonsezi. Anabwera ali mtsikana kuchokera kudziko la Apwitikizi atasenza mphasa ndi mbewu ya kalongonda, ndipo pofika 1932 panalibe wina pa esiteti wodzaza dengu msanga ngati iwo. Chinsinsi chawo, ankatero, chinali chingambwe, fodya wopera amene ankaika kuseri kwa mlomo kuti mphepo ya m'mawa isawalowe.

Dzinja limenelo m'zikhatho mwawo munatuluka timatuza ta mafinya, ngati mapira omwazika. Tinkayabwa, kuuma, kusupuka, tina n'kutulukanso. Pansi pa mapazi chimodzimodzi. Anesi anachita zimene ankadziwa: kuwonjezera fodya, kupaka malovu a fodyayo pamatuzapo, n'kutsuka ndi madzi a phulusa. Khungu linang'ambika.

M'nyumba za antchito munayamba manong'onong'o akuti ndi khate. Mnzawo Teleza, amene ankadya nawo mbale imodzi zaka khumi, anayamba kubwera ndi yakeyake. Wakhate sankakhala pa esiteti. Ankamutumiza kutali, ndipo Anesi akanasiya amuna awo, a Fabiano, ndi ana atatu, wamng'ono atangoleka kuyamwa.

Tsiku lina kapitawo anawatumiza kwa a Malizani, amene ankatsuka zilonda pa kachipatala ka esiteti. Teleza anawaperekeza, akuyenda chapatali.

A Malizani anayang'ana manja ndi mapazi modekha. Kenako anazula nthenga ya nkhanga pachipewa chawo.

"Tsinzinani, mayi."

"Kuti mundidule ndisakuona?"

"Tsinzinani basi."

Nthenga itangokhudza phazi, Anesi anadzidzimuka n'kuseka mpaka benchi inagwedera.

"Khate limabwera ndi dzanzi," anatero a Malizani. "Wakhate sagirigishika chonchi, ndipo matuza awa si ake. Ndi matenda a khungu, ochokera m'thupi mwanu momwemo. Sapatsirana. Ndikati ndikudziwa chiyambi chake ndinama, koma zowautsa ndimaziona: kunyowa tsiku lonse, phulusa, nkhawa. Tayasamulani."

A Malizani anaona mano odera ndi fodya.

"Ndi uyu. Mwa anthu asanu amene ndawaona ndi matuza otere, anayi anali a fodya."

"Fodyayo ndiye mankhwala anga, bambo."

"Ndiye kwa ine mwadzatani?"

Teleza anaseka n'kusendera pafupi. "Achemwali, ine ndinkadziwa kuti si khate."

"Eya," anatero Anesi, "n'chifukwa chake munagula mbale."

A Malizani anawapatsa mafuta akuda onunkha phula, oti azipaka n'kukulunga ndi nsalu yoyera. Anapemphanso kapitawo kuti kwa mwezi Anesi azisankha tiyi wouma mufakitale, kutali ndi mame. Zonsezo zinali zopepuka. Chowawa chinali kusiya chingambwe. A Fabiano ankati masiku amenewo ngakhale nkhuku zinkalambalala khomo lawo. Anesi ankatafuna makaka a chinangwa kuyambira m'mawa, ndipo kawiri anabwerera kufodya, kawiri konse zikhatho n'kuwaulula.

Matuzawo sanatheretu, monga a Malizani ananenera. Ankabwera mvula ikachuluka, ochepa, n'kupita. Kachitini ka fodya kanasanduka kosungira mafuta, ndipo mbale ya Teleza inakhala yomwera anapiye.

Mu Malichi, mitambo itayamba kupepuka, Anesi anabwerera kumunda. Anadikira kuti mame aume. Teleza anawamangira dengu kumsana, n'kulandira m'manja mwawo chidutswa cha mbatata osayang'ana kawiri. Anesi analowa mumzere. Masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, zala zikukumbuka zokha. Dzuwa lisanafike paliwombo dengu linadzaza. Analitula pamthunzi n'kuliphimba ndi tsamba la nthochi.