Tsiku Limene Edina Anakhala Pansi

Fungo la sipiriti limandibwezerabe m'kanyumba kometera ka a Namakhwa ku Bangwe. Ankapaka sipiritiyo pamakina ndi pakhosi pa aliyense amene wameta, ndipo fungo lake linkasakanikirana ndi fumbi limene mphepo ya mu Ogasiti inkalowetsa pakhomo. Chaka chimenecho ndinali mu Sitandade 6. Pa TV ya a Namakhwa, yopachikidwa pamwamba pa galasi, ankaonetsa masewera a Olimpiki ochitikira ku China, ndipo mipikisano yothamanga inkabwera dzuwa litangopendeka, nthawi imene amayi ankafuna madzi ndi makala. Masabata amenewo palibe mwana amene anakhazikika. Tinkapita kumsika chothamanga n'kubwera ndi tomato wophwanyika, ndipo tinkadya chiimire, khutu lili kumsewu.

Benchi ya m'katimo inali ya ometa okha, choncho amuna ena ankameta kawiri pasabata kuti angopeza pokhala. Ife ana tinkaunjikana pawindo, zibwano pathabwa, kupondana zala. Tsitsi lometedwa linkauluka n'kutimata m'milomo, koma palibe ankachoka. Magetsi akathima, amuna ankatuluka kukaima panja akung'ung'udza, ife n'kumwazikira mumsewu kukayeserera zimene taona.

Pabenchipo aliyense anali katswiri. Ankanyoza wopambana akadzitama, ankanyozanso wolephera akalira. Amene ankaposa onse pakamwa anali a Zuze, mlonda wa pasitolo ina ku Limbe, kwawo ku Nsanje. Tsiku lina mayi wina wa dziko limene sindikulikumbukira anayamba kutsimphina pakati pa mpikisano wautali. Anapatuka, n'kukhala pansi m'mbali mwa bwalo atagwira mwendo.

"Ulendo wonsewo wa pandege, kukangokhala pansi?" anatero a Zuze. "Kwawo pansi palibe?"

"Inu a Zuze, ntchito yanu ndi yowodzera pageti," anayankha a Namakhwa osaimitsa makina. "Za mwendo wa mwini mwazidziwira kuti?"

"Munthu amamaliza, achimwene. Olo chokwawa."

Anthu anaseka, ena n'kuvomera. Ine mawu amenewo ndinawatola n'kuwasunga. Anandimvekera ngati lamulo la akuluakulu limene sankatiphunzitsa kusukulu.

Nthawi imeneyo tinkalimbirana bwalo la kuseri kwa tchalitchi ndi anyamata a ku Namiyango. Linali lofiira, lopendekera, koma kunalibe malo ena osewerera. Titatopa ndi kugendana, tinagwirizana kuti nkhaniyo ithe ndi mpikisano wopatsirana kamtengo, anayi mbali iliyonse, monga pa TV. Ogonja asapondenso pabwalopo mpaka mvula itagwa. Kamtengo kathu kanali chitsononkho. Vuto linali lakuti aliwiro tinalipo atatu, chifukwa wachinayi anali atatumizidwa kumudzi.

Ndine ndinatchula Edina. Ankakhala khomo lachitatu kuchokera kwathu, pamdadada womwewo wa nyumba za lendi, ndipo pambuyo pake anadzakhala mkazi wanga. Tinamuika m'manda chaka chatha. Nthawi ya mpikisanoyo anali kamtsikana kowonda ka miyendo yotuwa, kamene m'mawa uliwonse kankandisiya m'mbuyo popita kukaima pamzere wa madzi, ndowa ili m'manja. Anzanga anakana kaye, kenako anavomera monyinyirika. "Akatigwetsa, mlandu ndi wako, Mphatso," anatero.

Tinathamanga Loweruka masana, mphepo ikuulutsa majumbo ndi masamba a bulugama. Njira yake inali msewu wafumbi wochokera pampopi kukafika pageti la tchalitchi. Tonse tinali opanda nsapato. Edina anali wachitatu, ine womaliza. Ndinaima pamzera umene tinalemba ndi phazi, dzanja nditatambasulira kumbuyo monga ndinaonera pa TV. Nditacheuka ndinaona kuti akutsogola, diresi lake lachikasu likupepeluka, mnyamata wa ku Namiyango ali kutali ndithu.

Pafupi ndi ngalande imene anthu ankatayamo zinyalala, anadzandira. Anadumpha ndi mwendo umodzi kawiri kapena katatu, kenako anakhala pansi. Pakati pa iye ndi ine panali mapazi osaposa makumi awiri.

"Dzuka, iwe," ndinakuwa. "Maliza, olo chokwawa."

Anandiyang'ana kamodzi. Anaika chitsononkho pansi bwinobwino, ngati akuika kapu pathebulo, n'kugwira phazi ndi manja onse awiri. Ndikanatha kumuthamangira, koma lamulo linali lakuti wochoka pamzera wake wagonja, ndipo ine ndinaimabe pomwepo, dzanja lili kumbuyo. Mnyamata uja anamudutsa, n'kupatsira mnzake womaliza, amene anandisiya nditaima pomwepo. Amene anafika kwa Edina anali mayi wina wogulitsa zitumbuwa. Anazula chidutswa cha botolo, n'kumanga phazilo ndi nsalu yovundikirira dengu lake. Magazi anali atada kale m'fumbi.

Sindinamuperekeze kuchipatala. Madzulo ake ndinamupeza atakhala pakhonde lawo, phazi lili m'bandeji, akusenda mbatata. Ndinaima chapatali kuti anzanga amve bwino, n'kunena kuti wangokhala ngati mayi wa pa TV uja, wokwera ndege kukakhala pansi. Anapitiriza kusenda.

Bwalo linapita. Masewera anatha, TV inabwerera ku nyimbo, benchi ya a Namakhwa inapepuka. Ife tinkangozungulira m'misewu ndi mpira wathu wa majumbo, kuthamangitsidwa pakhomo ili ndi ilo. Edina ankadutsa ndi ndowa yake akuponda ndi chidendene, maso ali kutsogolo. Sanandilankhule mpaka mvula yoyamba, ndipo atayamba kundilankhula, za tsiku lija sanazitchule. Sanazitchulenso tili pachibwenzi ku koleji, ngakhale m'zaka ziwiri za banja lathu, ngakhale kuti chipsera ndinkachiona tsiku lililonse akavula nsapato.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti anthu alipo a mitundu iwiri, omaliza ndi osiyira panjira, ndipo kuti ntchito ya woonerera ndi kukuwa. Sindinadziwe kuti chikhulupiriro chimenecho ndinakula nacho mpaka pamene Edina anadwala. Nthawi yoona odwala, abale ankadzaza m'mbali mwa bedi, aliyense ndi maganizo ake. Ena ankati ndi wolimba mtima, ena ankati asafooke, ena ankatchula odwala amene anachira chifukwa sanataye mtima. Ine ndi amene ndinkatsogolera. Kwa miyezi inayi ndinkamuuza kuti alimbe, adye pang'ono, ayese kuyenda mpaka pakhomo, ndipo ndinkaganiza kuti chimenecho ndiye chikondi. Ndinkaona mtunda wotsala. Zimene zinali m'thupi mwake ankazimva yekha.

Masana ena, anthu atatuluka, ndinayambanso mawu omwewo, supuni ili m'manja. Anandigwira pamkono.

"Ndamva, Mphatso," anatero. "Tsopano tangokhala nane."

Ndinaika mbale pansi, n'kukokera mpando pafupi ndi bedi. Tinakhala choncho mpaka anesi anabwera kudzatseka mawindo.