Mwana Woyang'ana Pakamwa

A Fackson Mbewe anali mkamwini, ndipo amene amachidziwa chikamwini sangafunse zambiri. Anachokera cha ku Vubwi n'kudzakwatira Ottilia m'mudzi wina kum'mwera kwa Sinda. Nyumba anamanga okha, munda wa mtedza ndi wa thonje anaswa mphanje okha, koma nthaka inali ya akuchikazi, ana nawonso chimodzimodzi. Anali munthu wofatsa, wa khasu ndi tchalitchi basi. Pa zokambirana za pamudzi ankakhala kumbuyo, chipewa chili pabondo, ndipo panalibe wowafunsa maganizo.

Mwana wawo woyamba, Elina, anadwala chikuku chaka cha 1956 ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anachira, koma makutu anayamba kutuluka mafinya. Amayi ake ankangopukuta ndi kansalu n'kufinyiramo madzi a masamba. Palibe anadera nkhawa, poti ana ambiri m'mudzimo ankayenda ndi makutu onyowa.

Chaka chotsatira Elina analowa Sabu A, kalasi yoyamba, pa sukulu ya mishoni ya pafupi. Isanathe miyezi itatu, aphunzitsi ake, a Robson, anatulukira pakhomo nkhope ili gwa.

"Mwana wanuyu ndi wamwano," anatero. "Ndikamuitana sayankha. Mnzake akamugwira kumbuyo amatembenuka ndi chibakera. Ndikamalankhula amandiyang'anitsitsa pakamwa ngati ndikutafuna kanthu komubisira. Zilembo zisanu zokha zamukanika."

Za zilembo a Fackson sanazimvere chisoni kwenikweni, poti nawonso ankasaina ndi chala. Chimene chinawalasa ndi cha maso chija. Mwana wamkazi woleredwa bwino amagwada n'kuyang'ana pansi akulu akamalankhula, koma Elina ankatong'olera maso aliyense, ngakhale agogo ake. Anthu anayamba kunong'onezana kuti mwano umenewu unachokera kuchimuna. A Fackson, ofatsa aja, anathyola mkwapulo. Anamukwapula kawiri, katatu, mpaka mwana anaphunzira kuzyolika. Mudzi unawayamikira. Koma kuyambira pamenepo zinthu zinangoipiraipira: ukamutuma mchere ankabwera ndi lichero, ukamukalipira ankalira ngati wamulumitsa mavu.

Tsono aliyense anali ndi katswiri wake. Apongozi a Fackson anamutengera kwa sing'anga wa kutsidya kwa mtsinje wa Kapoche, amene anati wina wanjiru anatsekera mwanayo nzeru. Anamutema mphini m'litsipa, nkhuku n'kutsala komweko. Akulu a mpingo atamva, anaimitsa Ottilia pa Mgonero, kenako anabwera kudzapempherera mzimu wa kusamvera. A Robson anati mankhwala ake n'kubwereza kalasi ndi ndodo. Onsewa ankalankhula motsimikiza, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anasuzumira m'khutu mwa mwanayo.

Tsiku lina pochokera kumunda, ngolo ya ng'ombe inabwera mothamanga kumbuyo kwa Elina, ili gudugudu. A Fackson anafuula mpaka kukhosi kunawawa. Mwana anangopitirira kuyenda pakati pa njira, mtolo wa nkhuni pamutu, ndipo mwini ngolo ndi amene anakhotetsera ng'ombe kutchire. Mwano wake uti woti munthu n'kulolera kupondedwa?

Atafika kunyumba anakagwada kwa apongozi awo.

"Amayi, ine ndikuona ngati mwanayu samva. Ndiloleni ndipite naye kuchipatala ku Katete."

"Mwana ali ndi mwini wake," anayankha apongoziwo osawayang'ana n'komwe. "Azungu aja amapopa ana magazi. Akakafera kumeneko, atsibweni ake mudzawauza chiyani? Lembani kalata."

Atsibweni a Elina, a Evaristo, mlongo wake wa Ottilia, ndiwo anali mwini mbumba, ndipo anali ku mgodi wa malasha ku Wankie. A Robson analemba kalatayo. Yankho linafika patatha miyezi isanu, lalifupi ngati chikhatho: "Alamu, musachite kanthu mpaka nditabwera ndidzamuone ndekha."

A Fackson anadikira. Ndi pamenepa pamene ine wosimba nkhaniyi amandikwiyitsira, ngakhale ndikudziwa kuti mkamwini wosamvera ankamutulutsira katundu panja. Mvula inagwa, mtedza anakumba, mvula ina inagwanso, a Evaristo osaoneka. Elina anamuchotsa sukulu. Mawu ake anayamba kupotoka, ana anzake n'kumamuyeserera, iye n'kumawagenda. Ottilia ankalira mobisa, koma pamaso pa amayi ake ankangoti tidikire achimwene.

M'mawa wina wa Julayi 1959 a Fackson anati akupita ku Sinda kukagula mchere. Anakweza Elina pa keliyala ya njinga n'kulunjika msewu waukulu wa ku Katete. Kunena mosabisa, anaba mwana wawo yemwe.

Dokotala wa pachipatala cha mishoni anali mzungu wachikulire, ndipo womumasulira anali a Ezekiel, wothandiza odwala. Dokotalayo sanafunse za khalidwe kapena za zilembo. Anaima kumbuyo kwa Elina n'kumenya beseni ndi supuni. A Fackson anadzidzimuka, Elina sanaphethire. Kenako anaunika m'makutu monse muwiri ndi kanyali, nthawi yaitali.

"Akufunsa kuti mafinyawa anayamba liti," anatero a Ezekiel.

"Zaka zitatu zapitazo."

Dokotala anaika kanyali pathebulo n'kulankhula pang'onopang'ono.

"Akuti m'kati mwa makutu munadyeka," a Ezekiel anamasulira. "Lakumanzere linafa, lakumanja latsala pang'ono. Jakisoni aumitsa mafinya, koma kumva sikubwerera. Mukanabwera naye chaka choyamba, khutu limodzi likanapulumuka."

"Nanga mutu wake, bambo? Kwathu amati ndi chitsiru."

"Mutu uli bwinobwino. Ana otere amamva ndi maso, amatola mawu pa milomo ya wolankhula. Pali ndi sukulu yawo kufupi ndi Fort Jameson. Koma adokotala akudabwa kuti uyu bwanji akungoyang'ana pansi. Anamuletsa ndani kuyang'ana anthu?"

A Fackson anakumbukira mkwapulo uja. Anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire.

Pobwerera anapalasa pang'onopang'ono. Ankadziwa kuti kumudzi kukuwadikira mlandu, ndiponso kuti za sukuluyo zidzafuna kalata ina ya ku Wankie. Koma atangodutsa sitolo zomaliza za Katete, munthu wosalankhulalankhula uja anayamba kulankhula. Anauza mwana wawo kuti si wamwano, si chitsiru, ndipo palibe anamulodza. Anati analakwa kumukwapula, analakwa kudikira, anaopa apongozi kuposa mmene anamukondera iye. "Undikhululukire, amama," anatero mobwerezabwereza, misozi ikutsikira m'kolala. Analankhula mpaka ku Sinda.

Elina anali kumbuyo, atagwira malaya a bambo ake, akuona msana wawo wokha. Sanamve ngakhale liwu limodzi.