Pepala Limene Ndinalipinda Pakati

Inu ana athu a ku Kawale, Biwi ndi Chinsapo, amene mukuyenda mutaweramira foni kuyang'ana timakandulo tofiira ndi tobiriwira tosonyeza kutsika ndi kukwera kwa mtengo wa ndalama, imani pang'ono mundimve. Ine ndine mphunzitsi wa masamu wopuma ntchito, kwathu ku Ntcheu, ndipo ndikuvomera poyera kuti ndinataya puloti ya banja langa chifukwa cha mizere yolembedwa pa tchati.

Pulotiyo inali ku Area 25. Njerwa tinali titawotcha kale, ine ndi mayi a kunyumba tikuyembekezera kutuluka m'nyumba ya lendi ku Kawale. Ndiye kunafika bambo wina wa suti yonyezimira, amene ndimutchula kuti Mavuto ngakhale si dzina lake, kudzaphunzitsa malonda a ndalama zakunja ochitira pa foni. Iye anati mtengo uli ndi pansi pake ndi denga lake, ndipo ukagunda pansi katatu umanyamuka ndithu. Anationetsa matchati a miyezi yapita, ndipo paliponse pamene analoza chala zinali monga ananenera.

Inu owerenga, ine wophunzira ku mishoni, amene ndinachonga mayeso mpaka imvi, sindinaone kuti munthuyu ankalemba mayeso mayankho ali poyera. Chinandikola ndi kunyada. Iye anati pagulu, “Aphunzitsi, inu ndi masamu anuwo muzimva msanga kuposa anawa.” Mtima wanga unasungunuka ngati batala padzuwa.

Ndinayamba ndi zochepa, ndipo kawiri konse zinandiyendera. Pamenepo ndinagulitsa puloti pamodzi ndi njerwa zake, ndikulonjeza kuti tidzagula yaikulu ku Area 47. Mayi a kunyumba anangoti, “Bambo a Tamanda, njerwa ndimaziona ndi maso. Makandulo anuwo ndikawagwira kuti?”

Sabata imeneyo mtengo unagunda pansi katatu. Ndinaika zonse. Mtengo unaboola pansipo n'kupitirira kutsika, ndipo lisanafike Lachisanu ndinatsala ndi foni yokha m'manja. Nditamufunsa Mavuto, anaseka: “Madala, simunawerenge bwino. Lembetsani kalasi yachiwiri.”

Sindinamutukwane. Ndinameza mkwiyo wanga, koma sindinaulole kuzizira. Ndinakasindikiza tchati cha sabata yomweyo, ndinapinda pepalalo pakati kuti mbali ya kumanja, yoonetsa zimene zinachitika pambuyo pake, ibisike, ndipo ndinadikira. Patapita mwezi ndinamva kuti akuphunzitsa m'holo ina ku Biwi. Ndinapeza holoyo itadzaza: amayi a geni, anyamata a kabaza, ngakhale akuluakulu a mpingo. Ndinakweza dzanja ngati mwana wa sukulu, ndi kumupempha mwaulemu kuti atiwerengere pepala langalo.

Analiyang'ana, nati, “Apa n'zosavuta, Madala. Wagunda pansi katatu. Ukwera uwu, osakayika.”

Ndinalitambasula pang'onopang'ono, kuti ngakhale a kumbuyo aone makandulo ofiira akutsetsereka mpaka kumapeto kwa pepala. Ndinawauza kuti pamene mukuona kufiirapo ndi pamene panali nyumba yanga. Mayi wina anaimirira nati, “Ndiye achimwene, tikulipirirani chiyani? Kulotera ngakhale ife timatha!” Mipando inayamba kukhwekhwerezeka, anthu akutuluka. Ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwa suti ija, ndipo sindibisa, zinandikomera. Kufikira lero, ndikamva kumene akuphunzitsa, ndimakwera minibasi ndi pepala langa m'thumba. Wasamuka kale maholo atatu, ndipo ndidakali ndi mpweya.

Komatu nditafotokozera mayi a kunyumba za kupambana kwanga, anangoti, “Mwamuchititsa manyazi, chabwino. Nanga ife tigona kuti?” Tikugonabe m'nyumba ya eni. Pa puloti ija pali nyumba ya munthu wina, yomangidwa ndi njerwa zimene mkazi wanga anatungira madzi.

Sindikunena kuti tchati n'chabodza. Chimafotokoza bwino kumene mtengo wadutsa, ndipo nthawi zina chimalasa, monga amalasira munthu woyang'ana mitambo. Koma za mawa sichilumbira. Choncho ana anga, wina akakuuzani kuti amawerenga mitengo, mubisireni mbali ya kumanja ndipo mumuyese kambirimbiri musanamukhulupirire. Ndipo chinthu chimene munachivutikira awiri, musachigulitse mnzanuyo akukana.