Chitseko Chodzitseka Chokha ku Beira

Mwana wanga wamwamuna anamwalira ku Beira. Anapita kumeneko akadali mnyamata, nayamba kunyamula matumba padoko, kenako anaphunzira kuyendetsa lole. Sanakwatire. Anadwala masiku ochepa chabe, ndipo mnzake amene ankakhala naye chipinda chimodzi ndiye anatiimbira foni. Uthenga unandipeza kudimba kwathu kwa Mlolo, ndikubzala mbatata m'matope amene madzi anasiya.

Wotiperekeza kukatenga thupi anali mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wanga wamkazi. Amagwira ntchito muofesi kuesiteti ya nzimbe ndipo ali ndi galimoto. Galimotoyo anapereka, mafuta anathira, mapepala a pamalire pa Marka anayendetsa yekha. Zimenezo sindikana. Koma ndi munthu woti sangamwe madzi asanauze anthu kuti ndi a m'botolo. Ine amanditchula Mami. Ana onse amene ndinabereka palibe anandiitanapo choncho, koma iye anabwera nalo dzinalo kuchokera kuofesi, ndipo ndimangovomera.

Tinapita atatu: ine, iyeyo ndi mkazi wake. Titafika anatitengera kunyumba yachisoni, ndipo ndinamuona mwana wanga. Atatha kundionetsa anatiuza kuti mapepala owolotsera maliro pamalire satuluka tsiku limodzi, tidikire. Nkhani ya kogona inayambira pamenepo, tili m'galimoto panja pa chipatala.

Mnzake wa malemu uja ndiye anayamba. “Amayi, chipinda chathu n'chaching'ono, komanso pamenepo pamakhala amuna okhaokha. Koma kufupi ndi msika kuli pensawu, ndiye kuti resitihausi ya kuno. Kumagona amayi a ku Marka ndi ku Nsanje odzaoda nsomba zouma za bakayawo ndi zitenje. Malemuwa ankawadziwa onse, ankawanyamulira mabelo. Mukakhala bwino kumeneko.”

Mkamwini anaseka cha m'mphuno.

“Malo amenewo ndikuwadziwa, achimwene. Chimbudzi chimodzi mudzi wonse, nsikidzi, udzudzu ngati kudambo la Ndindi. Mami sangagone kumeneko ine ndilipo. Anthu akamva kuofesi adzati chiyani?”

“Bambo,” ndinatero ine, “nsikidzi ndimazidziwa. Madzi atatilanda nyumba tinagona m'kalasi pasukulu, mabanja ambirimbiri, mbuzi pakhonde. Sindinafe.”

“Chifukwa chake n'chimenecho, Mami. Mwavutika kokwana. Lero mulaweko moyo.”

Ndilawe moyo, mwana wanga ali m'kabati yachitsulo kuseri kwa khoma lomwelo. Ndinayang'ana mwana wanga wamkazi, iye n'kuyang'ana zikhadabo zake. Mwini galimoto ndiye amadziwa kokhotera, choncho tinapita kuhotela.

Hotelayo inali m'mbali mwa nyanja, yaitali, ya magalasi okhaokha, pachipata pali mlonda wa yunifolomu. Pansi pake ponyezimira moti ndinkayenda ngati ndikuwoloka pamatope oterera. Anatilowetsa m'chikepe, kabokosi kokwera nako pamwamba. Kwathu ndikakumana ndi mkamwini panjira, wina amapatuka. M'menemo tinaima phewa ndi phewa, mpweya wake ukundifika pakhosi, iye akudziyang'ana pagalasi ndi kukonza kolala.

Chipinda changa chinali ndi bedi loti mungagonepo banja lonse, loyera mbee. Pakhoma panali makina ouzira mphepo. Kuzizira kwake kunali komwe kuja ndinakumva m'mawa pamene anakoka mwana wanga kuti ndimuone. Ndinauza mwana wanga wamkazi kuti azimitse. Ndinati atsegule zenera, zenera silitseguka. Analipanga loonera basi.

Bedi lija sindinalikhudze. Namfedwa sakwera pabedi maliro asanaikidwe. Ndinayala chitenje pansi, ndinatambasula miyendo, china ndinafunda kumutu, n'kuyang'ana kukhomo. Umu ndi mmene timakhalira. Khomo limakhala lotsegula, ndipo odzakhuza maliro amayamba kulira ali patali kuti iwe uwamve, uwayankhe. Akalowa amakhala nawe pansi. Sipafunika mawu ambiri.

Koma chitseko cha m'hotela muja chinali ndi nzeru zake. Ukachitsegula n'kuchisiya, chimabwerera pang'onopang'ono ngati munthu wozemba, kenako khethe, chadzikhoma. Ndinachitsegula, chinabwerera. Ndinachitsegulanso, chimodzimodzi. Ndinavula patapata n'kuchipinga nayo.

Posakhalitsa panadutsa mtsikana wokonza m'zipinda. Anawerama, nachotsa patapata ija, n'kundipatsa ndi manja awiri. “Nkhabe, mama,” anatero m'Chisena, kuti ayi, lamulo sililola. Mwana waulemu ndithu, lamulolo silinali lake. Atachoka ndinaibwezera.

Wachiwiri kuichotsa anali mkamwini. Anaikankha ndi nsonga ya nsapato, natenga kachikatoni kolembedwa Chingerezi n'kukakoleka pachogwirira cha kunja.

“Chimenecho n'chiyani, bambo?”

“Chikuuza anthu kuti asakusokonezeni. Kuno timalipirira pulayivesi, Mami.”

“Pulayivesi ndi ndani?”

“Si munthu. Ndiye kuti mukhale nokha, phee, popanda wogogoda, popanda wokuyang'anani.”

Analankhula monyadira ngati wandigulira ng'ombe. Iyeyu anabadwira ku Makhuwira, si mwana wa kutauni ayi. Akudziwa bwino amene timamusiya yekha pamaliro. Ndi uja sapita kumaliro a anzake, uja anthu amuchenjeza mpaka atopa. Tsiku limene zamugwera, mudzi umakhala m'nyumba zawo, aone yekha mmene manda amakumbidwira. Chilango choposa chimenecho kwathu kulibe. Ndiye azungu anachitenga, anachipaka utoto, n'kumachigulitsa, ndipo mkamwini wanga anandigulira.

Chakudya chinabwera pa kangolo, chovundikira ndi zitsulo zonyezimira. Atavundukula munali timpunga ta m'dzanja limodzi ndi tizilombo ta m'nyanja tofiira, ta ndevu, tonga ziwala. Sindinadye. Mkamwini anajambula mbalezo pafoni, anajambula bedi, anajambula nyanja pazenera, n'kutumiza kwa abale ake kuti aone mmene akusungira apongozi. Ine anandidula pachithunzi, poti ndinali pansi.

Dzuwa litapendeka ndinalephera kupirira, ndinayamba kulira ndekha. Mawu anga sanapite patali, nsalu zochindikala za pansi ndi za pazenera zinkawameza. Komabe foni ya pambali pa bedi inalira. Mwana wanga wamkazi anayankha, n'kutembenuka misozi ili m'maso.

“Amayi, akuti mlendo wa chipinda chinacho akupuma.”

Ndinatseka pakamwa. Iye analowa kubafa, natsegula mpopi kuti madzi azisokosa, n'kumalirira mchimwene wake m'thaulo. Umo ndi mmene mwana wanga analiridwira tsiku loyamba: mlongo wake m'chimbudzi, mayi ake kukamwa kotseka.

M'mawa mwake mnzake wa malemu anaimba pafoni ya mwana wanga wamkazi, napempha kulankhula nane. Mawu ake anali olemera.

“Amayi, kodi tinakulakwirani?”

“Mwandilakwira chiyani, mwanangu?”

“Amayi aja a kupensawu anabwera dzulo masana. Anayenda wapansi kuchokera kumsika, ufa ndi nkhuni zili pamutu. Atayandikira chipata anayamba kulira monga mwa mwambo, mlonda n'kuwatsekereza. Mlondayo anaimba foni m'katimo, ndipo yankho linabwera loti amayi akupuma, safuna anthu. Iwo anaima padzuwa mpaka kutopa. Pano akuti mwina amayi ake a malemu ndi olemera, akuopa fungo la bakayawo. Lole yawo inyamuka masana ano.”

Ndinaona zinthu ziwiri. Mwana wanga achoka mumzinda umene anakhalamo zaka zonsezo popanda womulira, ngati galu wogundidwa pamsewu. Ndipo amayi amenewo akafika pa Marka ine ndisanafike, mbiri idzanditsogolera mpaka kwa Mlolo yoti ndinabweza odzakhuza pachipata.

Ndinatsika pamasitepe, chikepe ndinachisiya. Mkamwini ndinamupeza kodyera, kumene munthu amadzitengera yekha mmene angafunire. Mbale yake inali phiri: masoseji, mazira, zipatso pamwamba.

“Bambo, dzulo kunabwera anthu?”

“Aa, azimayi ena ake a kumsika. Ndinawauza a pachipata kuti muli pa resiti, mukupuma.”

“Anabwera kwa inu kapena kwa ine?”

“Mami, taonani malo ano. Akanalowa muno ndi nkhuni? Akanatithamangitsa tonse. Maliro tikalira kumudzi bwinobwino, ndakonza kale matenti ndi mipando.”

“Mwana wanga anafera kumudzi?”

Anapukuta pakamwa ndi kansalu.

“Ndikupita kupensawu,” ndinatero.

“Koma chipinda ndalipira kale mpaka tsiku lonyamuka!”

“Mugonemo inuyo. Mwendo wina uku, wina uko.”

Mwana wanga wamkazi anali ataima kumbuyo kwanga, chikwama changa chili m'manja. Mwamuna wake anamuyang'ana, iye sanayang'anenso zikhadabo. Tinatuluka awiri n'kukwera kanjinga kamoto ka matayala atatu.

Pensawu ija sindiikometsera. Inali yauve monga ananenera mkamwini. Mizere iwiri ya tizipinda ta malata adzimbiri, pakati bwalo la mchenga ndi mtengo wa mango. Makoma anali ndi madontho a udzudzu umene anthu anaphera pamenepo. Chimbudzi chinkadziwika komwe chili usanafunse. Zitseko zinkatsekedwa ndi msomali wopinda. Pabwalo panali mabelo omangamanga, okonzeka kukwezedwa, ndipo wailesi inkaimba.

Ndinaima pachipata. Odzakhuza ndiwo amayamba kulira, namfedwa n'kuyankha, koma ine ndinali nditawabweza, ndiye ndinayenera kuyamba ndine. Ndinafunda chitenje kumutu n'kuitana mwana wanga mokweza, mmene ndinkamuitanira ali wamng'ono akachedwa kumtsinje.

Palibe anayankha. Mayi wina amene ankamanga belo anaweramuka, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anaona patapata zanga ndi zidendene zong'aluka. Ndinaitananso. Wina anazimitsa wailesi. Kenako mayi uja anataya chingwe, naika manja kumutu, ndipo kulira kunabuka m'tizipinda tonse ngati moto wa m'bango.

Anandigwira uku ndi uku n'kundikhazika pamphasa pansi pa mango. Mayi womanga belo uja, wamkulu thupi, wa ku Marka, ndiye ankatsogolera anzake. Kulira kutatsika anandiyandikira.

“Mama, dzulo tinakunenani. Tisabise. Tinati mayi ameneyu ndi wa nsapato zazitali.”

“Nsapato zake ndi zimenezi,” ndinatero, n'kumuonetsa.

Anaseka misozi ili m'masaya. Anatuma wina kukauza woyendetsa lole kuti mabelo agona, anyamuka tsiku lina. Woyendetsayo atayamba kudandaula, anamukalipira kuti wafayo ndi dalaivala mnzake, achite manyazi. Dalaivalayo anabwera n'kukhala kumbali ya amuna.

Tsiku limenelo ndinamva za mwana wanga zimene sindinkazidziwa. Akuti mwana wangayo ankatchula aliyense wa iwo kuti apongozi, n'kumalonjeza kukwatira ana awo onse. Akuti ankaimba nyimbo za kutchalitchi pokweza mabelo, koma mawu ake anali oipa moti ankamupatsa mtedza kuti atseke pakamwa. Akuti mayi wina atabedwa chikwama pamsika, anamuperekeza mpaka pa Caia, kumtsinje wa Zambezi, osamuuza bwana wake. Ankandiuza molandizana, wina Chisena wina Chimang'anja, wina n'kutsutsa mnzake kuti sizinayende choncho. Anaphika phala pamafuwa ndi nkhuni zomwe zija anabwerera nazo, ndipo ndinadya.

Mkamwini anabwera dzuwa lili pamutu. Anaima pachipata kampango kali pamphuno. Atamulozera benchi ya amuna, anayamba waipukuta.

“Alamu, khalani pansi!” anakuwa mayi wa ku Marka uja. “Bulukulo tikuchapirani. Kapena mwabwera ndi mlonda wanu?”

Amayi anaseka m'zitenje. Iye anakhala pansonga pa benchi, foni ili m'manja, osajambula kanthu. Dzuwa lisanalowe anati akukaona za mapepala, ndipo anakagona kuhotela. Anachita choncho masiku onse mpaka mapepala anatuluka. Mkazi wake anakhala ndi ine pamphasa.

Tsiku lonyamuka amayi aja anabwera kunyumba yachisoni. Anaimba pamene bokosi linkatuluka, nayenda pambuyo pa galimoto mpaka pamsewu waukulu. Mwana wanga anachoka ku Beira ngati munthu.

Mkamwini mpaka lero amauza anzake kuti apongozi ake anawaika muhotela ya m'mbali mwa nyanja, iwo n'kuthawira kunsikidzi. Amaifotokoza ngati nthabwala ya anthu osaphunzira, ndipo anzake a kuofesi amaseka. Ndimamusiya.

Chaka chathachi ndinamva kuti mayi wa ku Marka uja mwamuna wake wamwalira. Tsiku limenelo mkamwini anali kwathu ndi galimoto, atabweretsa ana kudzandiona. Ndinamupempha kuti akanditule.

“Ku Marka, Mami? Ndi abale athu amenewo?”

Ndinamanga ufa m'kansalu, n'kupita kumsewu kukaimitsa kabaza.