Nyanga za a Tcheyamani

Ndili Fomu 2, ndinkatola zotaya kuseri kwa situdiyo ina ku Kamwala, mu Lusaka: manegetivu ndi mapepala a zithunzi otha ntchito. Kwathu kukomboni ya George ndinkasanjika negetivu papepala, n'kupsinja ndi galasi la windo losweka, n'kuyanika padenga la chimbudzi. Dzuwa likawomba, nkhope inkatuluka yofiirira. Vuto linali limodzi: ndinalibe mankhwala oumitsira chithunzi, ndiye chikaonanso dzuwa chinkapitiriza kuda. Ndinkazisunga m'buku la jogalafe.

Tsiku lina ndinatola negetivu ya a tcheyamani a chipani m'dera lathu, amene ankagawa malo pamsika. Ndinawajambulira nyanga za mbuzi ndi inki. Inki imatchinga dzuwa, choncho nyanga zinatuluka zoyera mbee. Nditaonetsa chithunzicho kusukulu, kalasi yonse inaseka mpaka misozi, ndipo wina anakaulula kwa a tcheyamani.

Loweruka masana a tcheyamani anafika kwathu ndi anyamata awo awiri. Bambo anga, obadwira ku Malawi, ankagulitsa makala pamsika womwewo.

"Ba tate, mwana wanu achita vinthu voipa maningi," anatero a tcheyamani. "Nikachiona chabe chithunzi, pa maliketi muchoka. Kapena mubwelele kwanu."

Mnyamata wina anandiperekeza m'nyumba atandigwira kolala. Ndinatulutsa chithunzi chozondotsa. Panja, bambo anali atawakhazika alendo pamthunzi wa khonde. Ine ndinagwada patali, padzuwa penipeni, n'kuchitembenuza, n'kuchinyamula ndi manja awiri ngati mwana woleredwa bwino.

"Leta kuno, iwe!" anakuwa a tcheyamani, akufuna ndiwapatse chithunzicho.

"Pepani bwana," anatero bambo, osadziwa kanthu. "Mwana sangadutse akulu asanalonjerane. Kaya mwaswera bwanji?"

Moni wa bambo anthu a ku Lusaka ankauthawa. Anafunsa za mayi kunyumba. Anafunsa za ana, mmodzimmodzi. Ndinasuzumira: nyanga zinali zikuonekabe, zayamba kufiira pang'ono chabe. Thukuta linkandilowa m'maso. Kamtambo kanadutsa, ndinakatukwana chamumtima.

"Tili bwino tonse, manje..."

"Nanga mwendo uja wa apongozi anu?"

Apa a tcheyamani anagwa m'mbuna. Mwendo wa apongoziwo unali nkhani yawo yapamtima, ndipo anaufotokoza kuyambira pabondo mpaka kuchipatala. Manja anga anachita dzanzi, koma sindinawatsitse.

Atanditambasulira dzanja, ndinayenda chogwada n'kupereka. Anachiyang'ana, anachitembenuza, anachipenyetsa kudzuwa, chikudabe. Pepala lonse linali bii ngati makala a bambo.

"Ni chani ichi?"

"Ndi inuyo, bwana," ndinatero. "Koma sindinaphunzire bwino kujambula."

Mnyamata wina anaphulika kuseka, n'kusandutsa chifuwa. A tcheyamani anaponya pepalalo pansi, nati ana a sekondale ni mafontini, mbuli zenizeni, n'kunyamuka.

Lolemba bambo anayala makala awo pamalo pawo pomwe paja. Negetivu ija inali m'sokosi yanga nthawi yonseyi, ndipo sabata yotsatira ndinawonjezera ndevu.