Mchombo wa M'bokosi la Machesi

Anandisoka bwino, zimenezo ndisaname. Ine ndine telala, makina anga ali pakhonde la sitolo ina kumsika wa pa Boma ku Mwanza, ndipo msoko wabwino ndimaudziwa ngakhale uli pamimba panga pomwe. Tsiku limene anandimasula bandeji ndinawerama n'kuuyang'anitsitsa: wowongoka, wopanda makwinya. Ndinauyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene ndinali nditamuyang'anirapo mwana.

Mwanayo anabadwa mu Novembala, dzuwa likuswa mtengo. Anali atakhala mopingasa, ndiye madokotala anati opaleshoni basi. Anandibaya jakisoni kumsana, kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi monse n'kuchita dzanzi. Ndinkamva akukoka chinachake, ngati mmene umakokera nsalu yokodwa pansi pa singano, koma osamva kuwawa. Kenako namwino anamukweza m'mwamba nati, "Mayi, onani. Mwana wanji ameneyu?" Ndinati wamwamuna. Anaseka kuti mayeso ndakhoza. Ine ndinadikira kuti mumtima mwanga muchitike chinachake, poti aliyense ankandiuza kuti ukangomuona umaiwala zonse. Palibe chinachitika. Dzanzi la m'miyendo linatha madzulo ake, koma lina linatsalira.

Kunyumba ndinkachita zonse zoyenera. Kuyamwitsa, kusambitsa, kuchapa matewera, kupita kusikelo. Mwanayo ankanenepa, anamwino n'kumandiyamikira. Koma ndinkamugwira ngati chovala cha kasitomala: mosamala kwambiri, podziwa kuti si changa. Akalira ndinkadzuka chifukwa phokoso limafunika kulithetsa. Amuna anga, amene amagwira ntchito mu ofesi ina pa Boma pomwepo, ankathamangira kunyumba pa nthawi ya nkhomaliro kudzangomununkhiza kumutu. Ndikawaona ndinkachita mantha, mantha ozizira opanda misozi, kuti mwina ine ndi mmene ndidzakhalire mpaka mwanayu adzamere ndevu. Sindinauze munthu. Ungayambe bwanji kunena kuti mwana wako wobereka wekha sukumumva mumtima? Akhoza kukuitanira abusa.

Amene ndikanawauza ndi mayi anga, koma anatisiya ndili sitandade seveni. Iwo anabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ali kamtsikana, ndipo anthu ena a kwa Nthache anawabwereka malo. Pamenepo ndi pamene ndinakulira. Atamwalira, eni malo anatenga malo awo, mwaulemu ndithu, popanda kukangana, ine n'kupita kukakhala kwa anthu a kutchalitchi. Mudzi wa mayi kutsidya kuja ndimangoudziwa dzina.

Mchombo wa mwana unagwa m'mawa wina ndikumusintha thewera. Kanali kanthu kakuda, kouma, kopindika. Ndinakaika pachikhatho n'kuitana mayi oyandikana nafe nyumba, amene ankandithandiza masiku a chikuta. Iwo anafunsa msanga kuti kagwera pati, ndipo nditawaonetsa pamphasa mtima wawo unakhala pansi. Kenako anati, "Nanga mukakwirira kuti? Pano ndi pa lendi. Mchombo sakwirira pakhomo pa eni."

Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mchombo umayenera kukalowa m'dothi la kwa mayi ake. Ine dothi limenelo ndinalibe. Madzulo ake apongozi anga, mayi a amuna anga, anaimba foni kuchokera kwa Kanduku. Iwo salankhula pafoni, amakuwa. "Apongozi! Musataye ayi! Musunge pouma, mubweretse pa Khirisimasi tidzakwirire kuno. Ndipo mwana wangayo musamuuze, izi si za amuna." Ndinati chabwino. Masiku amenewo chilichonse ndinkangoti chabwino.

Ndinadula kansalu kabuluu pa zotsalira za yunifolomu ina, n'kukulunga kanthu kaja, n'kukalowetsa m'bokosi la machesi. Chodabwitsa n'chakuti bokosi limenelo ndinkalisamala kuposa chilichonse. Ndinkalisuntha kuchoka pawindo kuopa chinyezi, ndinkalibisa kuopa nyerere. Mwana akagona ndinkalitsegula n'kumangoyang'ana. Kanthu kameneko kanali ka ine ndi iye tonse awiri, ndipo sikankafuna kuti ndikamwetulire.

Khirisimasi itayandikira amuna anga anatenga tchuthi. Anasangalala ngati mwana wa sukulu. "Holide yoyamba ya banja lonse, mayi a mwana," ankatero uku akulongedza shuga, sopo ndi mpunga. Ine ndinalongedza matewera, bokosi lija n'kuliika m'kathumba ka m'mbali mwa chikwama. Tinakwera galimoto ya matola, ndipo bampu iliyonse ndinkaimvera pa msoko paja. Galimoto inatisiya pamene msewu unathera m'matope, kwatsalako kunali kukwera phiri wapansi. Alamu anga, mchemwali wa amuna anga, anali akutidikira pamenepo. Iwonso anali ndi khanda, koma analisiya kunyumba kuti adzabereke wathuyu kumbuyo, poti ine bala lija linali lisanayambe kundilola kumanga nsalu pamimba. Ndinayenda pambuyo pawo manja ali lende, ndikuyang'ana kamutu ka mwana kakugwedezeka pamsana pa munthu wina. Nsanje sindinamve. Ndinangoona kuti chipewa chake chapendekeka.

Tinafika mvula itayamba. Apongozi anatulukira pakhonde akululutira, n'kumulanda mwana asanamasulidwe n'komwe bwinobwino. Anamutembenuza uku ndi uku ngati akusankha dzungu. "Mphuno ndi yathu iyi! Makutu okhawa ndiye sindikuwadziwa, kaya ndi a kutsidya." Anthu anaseka, inenso ndinatsegula pakamwa mofanana ndi kuseka. Kenako anandikokera pambali n'kutsitsa mawu, kwa iwo kutsitsa mawu kunali kulankhula ngati anthu ena onse. "Mwabweretsa?" Ndinagwedeza mutu. "Mawa mvula ikakata. Ndasankha kale malo, kuseri kwa nyumba pamtengo wa nachesi."

M'mawa mwake kunacha kuli chinyezi paliponse. Ndinadzuka mochedwa, mwana atatengedwa kale ndi azakhali ake ena, ndipo chikwama chathu chinali chokhuthulidwa pamphasa. Alamu anali atatenga matewera kuti akachape, chifundo chawo. Ndinapisa dzanja m'kathumba ka m'mbali. Munalibe kanthu. Ndinapisanso, ngati kuti kathumba kotalika ngati chala kangabise chinthu.

Ndinawapeza kuseri akukamula thewera. "Alamu, munali bokosi la machesi m'chikwamamu."

"Lija? Aa, inu a pa Boma, mpaka kuyenda ndi mabokosi opanda kanthu? Machesi athu anyowa, ndiye ndinati alendo salephera kukhala nawo. Ndaligwedeza pakhutu, zii. Moto ndachita kukapala kwa aneba."

"Ndiye mwaliika pati?"

"Ndataya m'zinyalala. Asesa kale, zapita kudzala."

Sanalakwe. Bokosi la machesi aliyense amaliyesa choncho, kuligwedeza pakhutu, likapanda kulira ndiye kuti latha. Ndine ndemwe amene ndinalitseka pakamwa ndi kansalu kaja.

Sindikukumbuka kuti ndinayenda bwanji kukafika kudzalako. Linali dzenje lalikulu kumapeto kwa bwalo, lotsala pang'ono kudzaza: phulusa lonyowa, makoko a mango, zitosi za mbuzi, nthenga za nkhuku imene anatiphera dzulo lake. Nkhuku zamoyo zinali momwemo, zikupalasa. Ndinazigenda ndi patapata wanga n'kutsikira m'dzenjemo. Anamwino anali atandiletsa kuwerama kwambiri. Ndinagwada.

Chikuto cha bokosi ndinachipeza msanga, chitafewa ndi madzi. Kabokosi kake ka m'kati kanali poteropo, chafufumimba. Kansalu kabuluu ndinakaona patali pang'ono, katatambasuka, nkhuku zitakapalasa kale. Munalibe kanthu.

Ndinayamba kufufuza ndi zala. Apa ndi pamene ndinadziwa chinthu chimene sindinkachidziwa: mchombo wouma umafanana ndi kamtengo ka kumutu kwa chipatso cha mango. Ndipo inali nyengo ya mango, pakhomo pa ana ambiri. Timitengo takuda, touma, topindika tinali mbwee m'dzala monse. Ndinatola kamodzi n'kunena kuti ndi aka. Ndinaonanso kena, n'kukayika. Ndinatola kena, ndi kena, dzanja lamanzere mpaka kudzaza. Kanthu kamene ndinakhala ndikukayang'ana tsiku ndi tsiku, kamene ndinkati ndikukadziwa kuposa nkhope ya mwana, sindinathe kukazindikira.

Anthu anali atasonkhana m'mphepete. Alamu, atamva kwa mayi awo chimene chinali m'bokosimo, anagwira pakamwa n'kuyamba kulira. Amuna anga anangoima poteropo, mswachi uli m'manja. "Mayi a mwana, mwataya chiyani? Ndolo? Tikagula zina." Apongozi anawakalipira kuti achoke, kenako anandiweramira. "Apongozi, tulukani. Bala lanulo litseguka. Tulukani, tikambirane."

"Ndisiyeni," ndinatero. Sindinayambe ndawayankhapo choncho. Mawuwo anatuluka okhakhala, ngati a munthu amene wakhala nthawi yaitali osalankhula.

Nthawi yomweyo kutsogolo kwa nyumba kunamveka kulira kwa khanda. Pakhomopo panali makanda atatu, ndipo alamu anatembenuka kuti athamange, poganiza kuti ndi wawo. Ine ndinadziwa kuti si wawo. Wawo amalira mokoka. Uyu amayamba ndi kakhosomo kawiri, kenako amakhala chete ngati akuganiza, kenako ndiye amatsegula kukhosi konse. Sindinadziwe kuti ndinaziphunzira liti zimenezi. Bulauzi yanga inanyowa kutsogolo, ndipo pa msoko paja panayamba kuwawa, kuwawa kwenikweni, mpaka ndinaluma mlomo.

"Ndi wanga ameneyo," ndinatero. "Bweretsani kuno mwana wanga."

Anandikoka m'dzenjemo anthu awiri. Ndinakhala pansi pomwepo, m'matope, m'mphepete mwa dzala. Atabwera naye sindinathe kumulandira, manja anali bii. Alamu anathamangira ndowa n'kunditsukuluza dzanja lamanja, akupepesa kosalekeza, mamina ali chuchuchu. Lamanzere ndinakana kulifumbatula. Anamuika pamkono panga, ndipo anagwira bere mwaukali, akundiyang'ana ndi diso limodzi ngati munthu amene wadikiritsidwa pa mzere. Makutu aja apongozi ankawakana ndinawayang'ana bwinobwino. Anali a mayi anga, opindika pang'ono pamwamba. Ndinalira, koma osati kwambiri. Misozi inatuluka ngati madzi a pampopi umene unauma kalekale, pang'onopang'ono, yotentha.

Sindinganame kuti kuyambira pamenepo zonse zinayera. Dzanzi lija linatenga miyezi kuti lithe, ndipo masiku ena linkabwerera. Pambuyo pake ndinamuuza namwino wa kusikelo, ndipo sanadabwe ngakhale pang'ono, anati amayi otero amawaona. Koma tsiku limenelo ndinamva kuwawa, ndipo ndinamva mkwiyo, ndipo zonse ziwiri ndinazilandira.

Apongozi anaima manja ali m'chiuno, akuyang'ana m'dzala. Kenako anati, "Nanga titani? Malo ndinakonza ndi a panachesi paja."

"Kwirirani dzala lonseli," ndinatero.

"Lonse? Mdzukulu wanga kwawo kukhale kudzala?"

"Ali momwemu. Kwina kulikonse mukakwirira nsalu yokha."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso dzenje. Kenako anakuwira mwana wawo kuti asiye kuima ngati mlendo, atenge khasu. Iye anafunsa kuti bwanji. Anamuuza kuti dzala ladzaza, ndipo pa dzala lodzaza pamabzalidwa nthochi, kodi ku ofesi anaiwalitsidwa zimenezo? Amuna anga anavula malaya awo a holide n'kuyamba kukokera dothi, osadziwa chimene akukwirira. Alamu anapita kukazula mphukira ya nthochi kudimba.

Dothi linali lofiira, lolemera ndi mvula, ndipo linkagwa ndi mawu onenepa. Mayi anga anakhala moyo wawo wonse pa dothi lobwereka. Mwana wanga anali kulandira lakelake, la phulusa ndi makoko a mango, koma loti palibe adzabwere kudzalitenga mwaulemu.

Dzenje litatsala pang'ono kutsekeka ndinati, "Taimani kaye." Ndinadzikoka chokhala mpaka m'mphepete, mwana akadali kubere, n'kutambasula dzanja lamanzere. Zala zinali zitauma chifukwa chofumbata. Timitengo tija tinali titamatirira pachikhatho, ndipo ndinachita kutigwetsa kamodzikamodzi ndi chala chachikulu. Mwina kena mwa ito kanali kake, mwina ayi.

"Kwirirani tsopano," ndinatero. Ndipo ndinamusinthira mwana wanga kubere linalo.